Magetsi ochokera ku moto wa pansi pa nthaka: njira iti pa nthaka yotani?

Anthu ogwira ntchito m'migodi yakuya amadziwa kuti munthu akamatsika, thukuta limayamba kuchucha ngakhale dzuwa walisiya kumwamba. M'madera ambiri, kilomita iliyonse imene watsika imawonjezera kutentha ndi madigiri a Celsius 25 mpaka 30, ndipo pakatikati penipeni pa dziko kutentha kumaposa madigiri 5,000. Kutentha kwina ndi kotsala kuyambira pamene dziko linaumbika, kwina kumabadwa tsiku ndi tsiku pamene uranium, thorium ndi potassium za m'miyala zikusweka pang'onopang'ono. Moto umenewu sudikira dzuwa kapena mphepo, ndipo suphwa mvula ikavuta. Siteshoni yopangira magetsi kuchokera ku moto wa pansiwu imagwira usiku ndi usana, chilimwe ndi dzinja.

Nanga bwanji dziko lonse lapansi likungopanga mamegawati pafupifupi 16,000 mwa njira imeneyi, magetsi osakwana ngakhale gawo limodzi pa 100 a amene anthu amagwiritsa ntchito? Yankho lake ndi lakuti kutentha pakokha sikuzungulitsa makina. Mphika wa magetsiwa umakhala pa mafuwa atatu: thanthwe lotentha pamalo pamene chobowolera chingafike, madzi onyamula kutenthako, ndi ming'alu yoti madziwo aziyendamo. Njira zonse zimene tikuyerekeza pano zimasiyana pa funso limodzi, loti nthaka yakupatsani mafuwa angati ndipo losowalo mulipeza bwanji. Choncho musanafunse kuti makina abwino ndi ati, yambani mwafunsa kuti pansipo pali chiyani.

Nthunzi youma, mwayi wa ochepa

Njira yakale kwambiri ndiyonso yophweka. Pali malo ena kumene munthu akabowola chitsime mumatuluka nthunzi yokhayokha, yopanda madzi. Nthunziyo amaichotsa tizidutswa ta miyala, n'kuilowetsa m'paipi mpaka ku turbine, makina a mapiko amene akamazungulira amazungulitsa jenereta. Basi. Ku Larderello, m'chigawo cha Tuscany ku Italy, Piero Ginori Conti anayatsa mababu ochepa ndi nthunzi yotere mu 1904, ndipo mu 1913 kumeneko kunatsegulidwa siteshoni yoyamba ya mtunduwu. Patha zaka zoposa 100, koma Larderello akupangabe magetsi mpaka lero.

Vuto lake ndi lakuti malo otere ndi owerengeka pa zala. Kupatula Larderello, odziwika ndi The Geysers ku California, Kamojang ku Indonesia ndi Matsukawa ku Japan. Ngati nthaka yanu ilibe nthunzi youma, palibe luso limene lingaiikemo.

Komabe nkhani ya The Geysers ndi yoti aliyense aimve, ngakhale amene adzasankhe njira ina. Siteshoni yoyamba kumeneko inayamba mu 1960 ndi mamegawati 11. Makampani anathamangirako, zitsime zinachuluka, ndipo pofika cha mu 1987 masiteshoni onse pamodzi anali ndi mphamvu ya mamegawati pafupifupi 2,000. Kenako nthunzi inayamba kufooka. Thanthwe linali likadali lotentha, koma madzi a pansi anali akutha, chifukwa nthunzi yambiri ikagwira ntchito inkangouluka m'mwamba kudzera m'nsanja zoziziritsira. Chimene chinapulumutsa malowa ndi madzi a m'zimbudzi ndi m'mabafa a m'matauni. Mu 1997 anayamba kupopa madzi oyeretsedwa ochokera ku Lake County, ndipo mu 2003 anawonjezera paipi ya makilomita oposa 60 kuchokera mu mzinda wa Santa Rosa, yonyamula malita pafupifupi 40 miliyoni patsiku, n'kumawathira pansi pa thanthwe. Kufooka kuja kunachepa kwambiri. Tikamanena kuti mphamvu imeneyi ndi yosatha, tizinena mosamala. Kutentha kwa dziko sikungathe m'nthawi yathu, koma chitsime chimatha ngati mukutunga osabwezera.

Madzi otentha amene amasanduka nthunzi okha

Iyi ndiyo njira imene imapanga gawo lalikulu la magetsi amtunduwu padziko, ndipo akatswiri amaitcha flash. Kuti muimvetse, ganizirani redieta ya galimoto imene yatentha kwambiri. Chivundikiro chikadali chotseka, madzi a m'katimo amakhala chete ngakhale apitirira madigiri 100, chifukwa apanikizika. Wina akangochipotokola, madzi amaphulika ndi nthunzi nthawi yomweyo, ndipo ambiri apsa manja ndi nkhope mwa njira imeneyi. Pansi pa nthaka zimachitikanso chimodzimodzi. Pa kuya kwa makilomita awiri kapena atatu madzi angathe kufika madigiri 250 kapena 300 osawira. Akamakwera m'chitsime kupanikizika kumachepa, ndipo gawo lina limasanduka nthunzi. Pamwamba amawalowetsa m'thanki yolekanitsira mmene amazungulira mothamanga. Madzi, poti ndi olemera, amagunda khoma la thanki n'kutsikira pansi, pamene nthunzi imatulukira pamwamba kupita ku turbine. Ena amatenga madzi otsalawo n'kuwalowetsa m'thanki yachiwiri yopanikizika pang'ono kuti afinye nthunzi ina, ndipo magetsi amawonjezekako ndithu kuchokera m'zitsime zomwezo.

Njirayi imafuna madzi oposa madigiri pafupifupi 180, ndiye imapezeka kumene kuli mapiri ophulika kapena kumene dziko likung'ambika. Inayambira ku Wairakei, New Zealand, mu 1958, ndipo lero ndi msana wa magetsiwa ku Indonesia, Philippines, Iceland ndi Kenya. Ku Olkaria ku Kenya, pafupi ndi nyanja ya Naivasha m'chigwa cha Rift Valley, makina oyamba a mamegawati 15 anayamba kuzungulira mu 1981. Lero Kenya yayandikira mamegawati 1,000, ndipo magetsi oposa 40 pa 100 alionse a dzikolo amachokera pansi pa nthaka. Phindu lake limaoneka bwino chilala chikagwa: madamu akaphwa, Olkaria amangopitiriza. Kampani yopanga magetsi ku Kenya ya KenGen inachitanso chinthu china chanzeru. M'malo mosiya chitsime chobowola kale chikungodikira zaka kuti siteshoni yaikulu ithe kumangidwa, inaika timakina tating'ono pakamwa penipeni pa zitsime kuti ziyambe kubweza ndalama msanga.

Kumene kuli madzi otentha chotere, ine sindiona chifukwa chozengerezera, pakuti flash imatulutsa magetsi ambiri pa chitsime chimodzi ndipo luso lake ndi lodziwika. Koma amene akuisankha adziwe zimene madziwo amabwera nazo. Madzi amene akhala zaka zikwi m'thanthwe lotentha amasungunula silica, chinthu chimene chimapanga mchenga ndi miyala yambiri, ndi michere ina. Akamazizira, silica amamatirira m'kati mwa paipi. Mukadula paipi yotere mumapeza khoma loyera, lolimba ngati mwala, litazungulira m'kati monse, ndipo kanjira kotsala pakati kangakhale kakang'ono moti dzanja silingalowe. Madzi ena amakhala ndi asidi amene amadya chitsulo. Palinso mpweya wa hydrogen sulphide, wonunkha ngati dzira lowola, umene ukachuluka umapha, ndiye uyenera kugwidwa kapena kubwezedwa pansi. Mpweya wa carbon dioxide nawo umatuluka, nthawi zambiri wochepa kwambiri poyerekeza ndi wa malasha, ngakhale kuti m'madera ena a ku Turkey, kumene madzi amadutsa m'miyala ya laimu, umakhala wochuluka modetsa nkhawa. Ku Hellisheiði ku Iceland amasungunula mipweya imeneyi m'madzi n'kuipopera m'thanthwe la basalt, mmene imasanduka mwala.

Wairakei nayo ili ndi chipsera chake. Kwa zaka zambiri madzi ogwiritsidwa ntchito ankangotayidwa mu mtsinje wa Waikato. Akasupe amene ankathovoka m'mwamba m'chigwa chapafupi anasiya, ndipo pamalo ena nthaka inatitimira mamita oposa 10. Nkhani ya malo nayonso si yaing'ono, chifukwa nthaka yotentha imakhala ndi eni ake. Pokulitsa Olkaria, mabanja a Amaasai anasamutsidwa mu 2014, ndipo madandaulo awo anafika mpaka ku mabanki akunja amene anapereka ngongole ya ntchitoyo.

Madzi akakhala ofunda chabe

Malo ambiri amene ali ndi madzi otentha pansi alibe madzi a madigiri 250. Ali ndi a 110, 130 kapena 150, amene sangatulutse nthunzi yokwanira kukankha turbine. Apa ndi pamene pamalowa njira ya binary, imene ine ndimaiona kuti ndi yofunika kwambiri kwa mayiko ambiri, ngakhale kuti sitchuka.

Nzeru yake ndi yobwereka kutentha. Madzi a pansi sapita ku turbine. Amadutsa m'timapaipi tambirimbiri ta m'thanki, ndipo kunja kwa timapaipito kumayenda madzimadzi ena amene amawira msanga, monga pentane amene amawira pa madigiri 36, kapena isobutane. Awiriwa sakumana, amangopatsirana kutentha kudzera m'chitsulo. Pentane akawira, nthunzi yake ndiyo imazungulitsa turbine, kenako amaiziziritsa n'kubwerera kukawiranso. Madzi a pansi aja, poti sanatsegulidwe n'komwe, amabwerera pansi onse kudzera m'chitsime china, pamodzi ndi michere ndi mipweya yawo. Palibe fungo, palibe utsi, ndipo chitsime sichiphwa msanga.

Imodzi mwa masiteshoni oyambirira otere inamangidwa ku Paratunka, m'chigawo cha Kamchatka ku Russia, mu 1967. Ku Chena Hot Springs ku Alaska, mu 2006 anayamba kupanga magetsi ndi madzi a madigiri 74 okha, ofunda kuposa amene munthu angasambe koma osafika powira. Turkey, imene tsopano ili m'gulu la mayiko otsogola, yakwera makamaka ndi njira imeneyi. Makina ake amabwera m'zigawo zopangidwa kale ku fakitale, choncho mutha kuyamba ndi mamegawati ochepa n'kumawonjezera mukamaidziwa bwino nthaka yanu. Amathanso kuikidwa kumchira kwa siteshoni ya flash kuti akolole kutentha kwa madzi otsala, monga anachitira ku Wairakei mu 2005.

Mtengo wa ubwino umenewu ndi uwu. Madzi ofunda amapereka magetsi ochepa, ndipo pa kutentha konse kumene mwatulutsa pansi, kumene kumasanduka magetsi ndi pafupifupi gawo limodzi pa 10. Kuti mupeze zambiri muyenera kutunga madzi ochuluka, ndipo mapampu amadya gawo la magetsi amene mwapanga. Pentane ndi isobutane sizichedwa kugwira moto. Komanso makinawa amadalira kusiyana kwa kutentha kwa madzi a pansi ndi kuzizira kwa kunja. Chena inatheka chifukwa pafupi pali madzi ozizira kwambiri oziziritsira. Siteshoni yoziziritsa ndi mafani m'dera lotentha imafooka masana dzuwa likaswa mtengo, nthawi imene magetsi akufunika kwambiri. Munthu asawerenge za Alaska n'kuganiza kuti kasupe aliyense wotentha ndi siteshoni ya magetsi. Ku Kapisya, m'mbali mwa nyanja ya Tanganyika ku Zambia, m'zaka za m'ma 1980 anaika makina ang'onoang'ono a binary ndi thandizo la dziko la Italy, koma madzi a m'zitsime zosaya zimene anabowola sanali otentha mokwanira pa makinawo, ndipo anangokhala osagwira ntchito.

Ndipatuke pang'ono. Madzi osafika madigiri 100 nthawi zambiri amapindulitsa kwambiri akagwiritsidwa ntchito monga kutentha komweko, osawakakamiza kusanduka magetsi. Nyumba pafupifupi 9 pa 10 zilizonse ku Iceland zimafunditsidwa ndi madzi a pansi, ndipo ku Naivasha kuli munda wa maluwa umene umafunditsa nyumba zake zamapulasitiki mwa njira yomweyi. Kuumitsa zokolola, kuweta nsomba ndi ntchito zina za m'mafakitale zimafuna kutentha kotereku.

Kumene kuli thanthwe lotentha lokha

Njira zitatu zapitazi zimadalira kuti chilengedwe chaika kale mafuwa onse. Koma pafupifupi paliponse padziko, mukabowola makilomita anayi kapena asanu mupeza thanthwe lotentha, loti gwa, lopanda madzi ndi ming'alu. Njira imene akatswiri amaitcha EGS (Enhanced Geothermal Systems) imati mafuwa awiri osowawo tiike tokha. Amabowola chitsime, amapopamo madzi mwamphamvu mpaka thanthwe litang'ambika kapena ming'alu yakale itatseguka, kenako amabowola chitsime chachiwiri chokumana ndi ming'aluyo. Madzi ozizira amatsika ndi chitsime choyamba, amadutsa m'thanthwe, n'kukwera ndi chachiwiri atatentha. Pamwamba, kawirikawiri amawalandira ndi makina a binary.

Asayansi a ku labotale ya Los Alamos ku America anayamba kuyesa zimenezi ku Fenton Hill, New Mexico, m'zaka za m'ma 1970, ndipo ku Soultz-sous-Forêts ku France anayesa kwa zaka zambiri mpaka magetsi ochepa anatuluka. Mavuto anali amodzimodzi: madzi amasochera m'thanthwe osabwerera, kapena amapeza mng'alu umodzi waukulu n'kumangothamangamo, kutuluka asanatenthe.

Choopsa chachikulu ndi chivomezi. Ku Basel, Switzerland, mu Disembala 2006 kupopa madzi kunayambitsa chivomezi cha mphamvu ya 3.4 pansi pa mzinda, ndipo ntchitoyo inathetsedwa mu 2009. Ku Pohang, South Korea, pa 15 Novembala 2017 kunachitika chivomezi cha 5.4 chimene chinavulaza anthu ambiri ndi kuwononga nyumba zochuluka. Mu 2019 gulu lofufuza limene boma linakhazikitsa linapeza kuti madzi opopedwa pa ntchito ya EGS ndiwo anadzutsa mng'alu waukulu umene unali usanadziwike. Izi si zobisa. Thanthwe likamang'ambika tizivomezi ting'onoting'ono timakhalapo nthawi zonse, ndipo tambiri munthu satimva. Ngozi imabwera madzi akafika pa mng'alu waukulu umene unali kale pafupi kutsetsereka. N'chifukwa chake ntchito yotere imafuna kuyeza ming'alu ya pansi isanayambe, kuika zida zomvetsera nthaka usiku ndi usana, ndi lamulo lomveka loti kugwedezeka kukafika pakutipakuti pampu izimitsidwe.

Chimene chadzutsanso chiyembekezo ndi luso lochokera kwa okumba mafuta ndi gasi, lobowola chotsika kenako n'kukhotetsa chitsime kuti chiyende chopingasa. Zitsime ziwiri zopingasa zoyendera limodzi zimatha kulumikizidwa ndi ming'alu yambiri, ndiye madzi amagawikana n'kutentha bwino. Mu 2023 kampani ya Fervo Energy inasonyeza zimenezi ku Nevada pa ntchito ya mamegawati 3.5 yogwirizana ndi Google, ndipo kenako inayamba ntchito yaikulu kwambiri ya Cape Station ku Utah. Ine ndimakhulupirira kuti tsogolo lalikulu lili kuno, chifukwa EGS ikatsika mtengo mphamvuyi sidzakhalanso ya mayiko a mapiri ophulika okha. Koma funso loti ming'alu yopangidwayi ipitiriza kupereka kutentha kwa zaka 20 kapena 30 lidzayankhidwa ndi zaka zomwezo. Dziko limene likuyamba kumene ndipo lili ndi madzi otentha achilengedwe liyambe ndi amenewo.

Pali njira zina ziwiri zimene zikadali pa mayeso. Yoyamba ndi ya paipi yotsekeka, imene kampani ya Eavor inayesa ku Alberta, Canada, mu 2019 isanakayambe ntchito yaikulu ku Geretsried, Germany. Madzi amazungulira m'ngalande zobowola pansi osalowa m'ming'alu, choncho nkhawa ya chivomezi ndi kusochera kwa madzi imachepa. Koma thanthwe limapatsira kutentha mochedwa kwambiri, ndiye pamafunika kubowola makilomita makumimakumi, ndipo kubowola ndiko kumadya ndalama. Yachiwiri ndi yofuna moto woopsa. Madzi akapitirira madigiri 374 atapanikizika kwambiri, sakhalanso madzi kapena nthunzi wamba, ndipo amanyamula mphamvu yochuluka moti chitsime chimodzi chingalowe m'malo mwa zingapo. Ku Krafla, Iceland, mu 2009 obowola anagunda chiphalaphala chamoto mosayembekezera pa mamita pafupifupi 2,100, ndipo chitsimecho chinatulutsa nthunzi ya madigiri pafupifupi 450 mpaka mavalavu anawonongeka n'kuchitseka. Ku Reykjanes, ku Iceland komweko, mu 2017 anafika mamita 4,659 ndi kuyeza madigiri 427. Moto ulipo, chimene chikusowa ndi zitsulo ndi simenti zoupirira kwa zaka.

Kumene ndalama zimatayikira

Poyerekeza njirazi anthu amakonda kuyang'ana makina a pamwamba, chonsecho chimene chimagwetsa ntchito zambiri chili pansi. Siteshoni ya dzuwa mungadziwe kuti ipanga magetsi angati musanagule kanthu, chifukwa dzuwa limayezeka pamwamba. Kuno ayi. Akatswiri amayeza michere ya m'akasupe kuti ayerekeze kutentha kwa pansi, amayeza mmene miyala imadutsitsira magetsi, amajambula ming'alu, koma umboni weniweni ndi chitsime chakuya, ndipo chitsime chimodzi chimadya madola mamiliyoni angapo. Pamalo atsopano si zachilendo kuti zitsime zoyamba zipeze thanthwe lotentha koma louma, kapena madzi ambiri koma ofunda. Mabanki sakonda kukongoza ndalama pa gawo limeneli, ndipo kuyambira pa kafukufuku mpaka magetsi oyamba pamatha zaka zisanu mpaka khumi. Kenya inaona zimenezi ndipo mu 2008 inakhazikitsa Geothermal Development Company kuti boma lisenze chiopsezo chobowola, kenako ligulitse nthunzi kwa makampani omanga masiteshoni, monga zikuchitikira ku Menengai.

Choncho dongosolo losankhira limayenda motere. Chitsime choyesera chikatha, amatsitsamo chida choyeza kutentha ndi kupanikizika kuyambira pamwamba mpaka pansi, amachisiya milungu ingapo kuti chitenthenso pambuyo pa madzi ozizira obowolera, kenako amachitsegula. Chitsime chabwino chikatsegulidwa chimabangula ngati ndege ikunyamuka, moti ogwira ntchito amavala zotseka m'makutu, ndipo mtambo woyera umaoneka patali. Amachisiya chikutuluka kwa milungu kapena miyezi akuyeza kuti chikupereka matani angati pa ola, kuti chikufooka kapena ayi, ndi kuti madzi ake ali ndi michere yanji. Chikatulutsa nthunzi yokha, nthunzi youma ndiyo njira. Chikapereka madzi oposa madigiri 180, ikani flash, ndipo ngati silica akulola onjezani binary kumchira. Pakati pa 100 ndi 180, binary. Pansi pa 100, ganizirani kaye zofunditsa ndi zoumitsa. Chikakhala chotentha koma chouma, EGS ingaganiziridwe pokhapokha mapu a ming'alu ikuluikulu atajambulidwa ndipo anthu okhala pafupi atauzidwa zoona zake.

Pa pulani iliyonse mwa izi, fufuzani pamene ajambula zitsime zobwezera madzi. Zikakhala pafupi kwambiri ndi zotungira, madzi ozizira amafika msanga n'kuziziritsa nthunzi. Zikatalikira kwambiri, madziwo sabwerera ndipo kupanikizika kumagwa. Akatswiri amathira mankhwala ozindikiritsa m'chitsime chobwezera n'kumawerenga masiku mpaka ataonekera m'chitsime chotungira, ndipo masiku amenewo ndiwo amawauza kuti chitsime chotsatira achibowole pati.